Kodi Mwana wa Sukulu Aumbika Monga Mbiya?

Pali funso limene mphunzitsi ndi katekista sangalithawe, ngakhale ambiri salifunsa poyera: kodi nzeru zotulukira chinthu chatsopano zichokera kuti mwa mwana? Akatswiri a maphunziro a ku America anakangana zaka zambiri pa nkhani imeneyi, ndipo mkangano wao ukhudza aliyense woimirira pamaso pa ana.

Gulu loyamba linatsata chiphunzitso chotchedwa determinism. Chiphunzitsochi chiti zonse zimene munthu achita zinakonzedweratu ndi zimene zinayamba kuchitika, kotero kuti sakanatha kuchita mwina. Ena ati chimlamula ndi magazi a makolo, ena ati ndi maleredwe. John B. Watson anali wa mbali ya maleredwe. M'buku lake Behaviorism la mu 1924 anadzitama kuti atapatsidwa makanda 12 athanzi, nawalera monga afunira, angathe kusandutsa aliyense wa iwo dokotala, wamalonda, ngakhale mbala. Iye mwini anavomera kuti mau akewo apitirira zimene anali ataziona. Pambuyo pake B. F. Skinner wa ku Harvard, amene ankaphunzitsa nkhunda ndi makoswe powapatsa chakudya zikachita bwino, anakaonerera phunziro la masamu m'kalasi ya mwana wake wamkazi mu 1953, nabwerako ndi maganizo opanga makina ophunzitsira. Makinawo ankagawa phunziro m'tizigawo tating'ono. Mwana akayankha, ankadziwa pomwepo ngati wakhoza, napita pa funso lotsatira.

Njira imeneyi si yoinyoza, pakuti mwana wodikira masiku ambiri asanauzidwe cholakwa chake aiwala pamene anaphonya. Koma iri ndi malire. Makina ayamikira yankho lokhalo limene wowapanga analidziwa kale. Mwana wobwera ndi yankho lina, ngakhale lanzeru, ayesedwa wolakwa. Katekista wokana mau aliwonse osiyana ndi a m'katekisimu asanduka makina otere mosadziwa. Ana ake adzaloweza bwino ndithu, koma tsiku limene munthu wa kumsika adzawafunsa funso losalembedwa m'bukumo, adzasowa chonena.

Gulu lachiwiri linatsata pragmatism, chiphunzitso chakuti ganizo liyesedwa ndi zipatso zake pa moyo. William James, polankhula ku Harvard mu 1884, anatsutsa determinism motere: ngati munthu sakanatha kuchita mwina, nanga chisoni chimene amva atachita choipa chiri ndi tanthauzo lanji? John Dewey ndiye anatengera maganizo awa m'kalasi. Mu 1896 anatsegula sukulu ya ana pa yunivesite ya Chicago, kumene ana ankaphika, kupala matabwa, kulima ndi kuomba nsalu. Tsiku lina ana anakhala theka la ola akuchotsa njere m'thonje ndi manja, napeza kuti thonje loyeralo nlochepa zedi. Pamenepo anazindikira okha chifukwa chake makolo ao akale ankavala ubweya wa nkhosa koposa thonje. Palibe anawalembera yankho pabolodi. Chodabwitsa nchakuti Watson uja anaphunzira pa yunivesite yomweyo, namvera maphunziro a Dewey, koma anati sanamve konse chimene mkuluyo ankanena.

Tsono pragmatism ipatsa mwana mpata wakuyesa, kulakwa ndi kuyesanso, ndipo pamenepa iposa inzake. Koma nayonso iri ndi mbuna, makamaka ikagwa m'manja mwa anthu ofulumira, amene ayesa kuti chopanda phindu looneka lero nchachabe. James sanatanthauze zimenezo, koma ambiri anamumva chomwecho. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, analephera kawiri mayeso a uphunzitsi. Kuyambira 1856 mpaka 1863 anabzala nsawawa zikwi zambiri m'munda wa nyumba ya amonke, nawerenga mitundu ya mbeu zake mbadwo ndi mbadwo. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1866, koma akatswiri sanazisamale mpaka 1900, iye atamwalira kale mu 1884. Woyesa ntchitoyo ndi zipatso za masiku amenewo akanati bamboyo ataya nthawi. Lero aliyense wophunzira za m'mene ana atengera makolo ayambira pa iye.

Zaka mazana ambiri mkanganowu usanabuke, Thomas Aquinas Woyera anali atalingalira za ntchito ya mphunzitsi, pophunzitsa ku Paris pakati pa 1256 ndi 1259. Iye anafanizira mphunzitsi ndi sing'anga. Sing'anga sapanga moyo. Apereka mankhwala, koma thupi ndilo lidzichiza ndi mphamvu imene liri nayo kale. Chomwechonso nzeru za mwana si dothi longodikira woumba: ziri ndi mphamvu yaoyao. Anaphunzitsa kuti munthu afika pa choona mwa njira ziwiri, potulukira yekha kapena pothandizidwa ndi wina, ndi kuti wothandizayo ayenera kumuyendetsa m'njira yomweyo imene wotulukira yekha akanayenda. Apa agwirizana ndi Dewey, koma asiyana naye pa chinthu chimodzi chachikulu: kwa Aquinas choona chiri choona ngakhale phindu lake lisanaoneke.

Ndimo maphunziro ake ankayenda motero. Pa tsiku la mtsutso funso linkaikidwa poyera, ndipo opezekapo, ophunzira omwe, ankatulutsa zifukwa zotsutsa monga anathera. Wophunzira wamkulu ankayamba kuziyankha. Mphunzitsi ankapereka chigamulo chake pa msonkhano wotsatira, atasonkhanitsa zotsutsa zija, naziyankha chimodzi chimodzi.