MWANA AMENE SATEMBENUKA POMUITANA: PHUNZIRO LA OTIZIMU KWA AMAYI A KU SIKELO

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabereka ana anu kudza nawo ku sikelo, ena kuchokera ku Bangwe, ena ku Chiwembe, ku Misesa, ku Kachere ndi madera ena ozungulira Limbe. Pa sikelo timayeza kulemera kwa mwana, timapereka katemera, ndipo timaona ngati mzere wa m'kabuku kake ukukwera. Zonsezi nzofunika. Koma kukula kwa mwana sikuli pa makilogalamu okha ai. Mwana amakulanso pa kuyankhula, pa kusewera ndi pa kucheza ndi anthu. Phunziro lino likunena za ana amene thupi lawo likukula bwino, koma kuyankhula ndi kucheza kwawo kukuyenda mosiyana ndi kwa anzawo.

KODI OTIZIMU NDI CHIYANI?

Otizimu ndi chibadwa chimene chimachititsa ubongo wa mwana kukula ndi kugwira ntchito mosiyana ndi wa ana ena. M'kabuku ka chipatala dokotala amalemba kuti autism. Mwana wotere amavutika kumvana ndi anthu, amakonda kuchita zinthu mobwerezabwereza, ndipo phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa amazimva mwa njira yakeyake.

Vutoli si lachilendo. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analifotokoza m'chaka cha 1943 ataona ana 11 pa chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi otizimu. Amapezeka mwa olemera ndi osauka, ophunzira ndi osaphunzira, a mtundu uliwonse ndi a chipembedzo chilichonse. Amene amadziwika kwambiri ndi anyamata, koma atsikana nawonso amakhala naye.

Ana a otizimu safanana onse. Ena amayankhula bwino ndi kukhoza mayeso kusukulu, koma amavutika kupeza anzawo. Ena amayankhula pang'ono. Ena sayankhula konse ndipo amafuna chisamaliro moyo wawo wonse.

ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUYANG'ANA

Kawirikawiri zizindikiro zimayamba kuoneka mwana asanakwanitse zaka ziwiri. Yang'anani izi:

1. Pa miyezi 9 mwana samwetulira mukamamusekerera, ndipo sakuyang'anani m'maso poyamwa.
2. Pa miyezi 12 satembenuka mukamuitana dzina lake, saloza chinthu ndi chala, sakweza dzanja kutsazika alendo, ndipo sachita timawu tachibwana.
3. Pa miyezi 16 sanatchulepo liwu lililonse lomveka, monga "mama" kapena "madzi".
4. Pa zaka ziwiri salumikiza mawu awiri mwa iye yekha, monga "ndifuna phala".
5. Anayamba kuyankhula kapena kusewera ndi anthu, kenaka nkusiya.
6. Sasewera masanje kapena kubereka chidole. M'malo mwake amandandalika zitsekerero za mabotolo kapena miyala, kapena kuzunguza tayala la galimoto lawaya nthawi yaitali.
7. Amakupiza manja, kugwedeza thupi, kuzungulira pamalo amodzi kapena kuyenda chonyang'ama.
8. Amabwereza mawu amene mwanena m'malo moyankha.
9. Amatseka makutu akamva chigayo, wailesi kapena hutala, ndipo amalira kwambiri mukasintha njira, mbale kapena malo ake ogona.
10. Amakana zakudya zambiri, nkumafuna mtundu umodzi kapena iwiri yokha.

Chizindikiro chimodzi chokha sichitanthauza kuti mwana ali ndi otizimu. Koma mukaona zingapo, kapena mukaona chachisanu chija, uzani anamwino kapena alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Musadikire ponena kuti "anyamata amachedwa kuyankhula" kapena "atate ake nawonso anachedwa". Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira msanga koposa wa mwana wamkulu.

CHIMACHITITSA NCHIYANI?

Akatswiri apeza kuti gwero lalikulu la otizimu ndi zakumtundu, zimene mwana amatengera ku mbali zonse ziwiri, kwa atate ndi kwa amayi. Nchifukwa chake banja limene lili ndi mwana mmodzi wotere liyenera kuyang'anitsitsanso makulidwe a azing'ono ake. Vutoli limaonekanso kawirikawiri mwa ana obadwa masiku asanakwane ndi mwa ana obadwa kwa makolo achikulire. Amayi amene amamwa mankhwala a khunyu afunse dokotala asanaime, pakuti mankhwala ena, monga sodium valproate, angathe kusokoneza mwana ali m'mimba. Koma asasiye mankhwala mwa iwo okha, popeza kutero nkoopsa.

Tsono mvetsetsani zimene sizichititsa otizimu. Si ufiti. Si tsempho kapena mdulo. Si chilango cha tchimo la amayi kapena la atate. Si kuti makolo anamukhwimira mwana kuti malonda awo ayende, monga amanenera anthu ena akaona mwini golosale kapena mwini minibasi ali ndi mwana wosayankhula. Si kulera mosasatitsa, ndipo si mwano. Otizimu sapatsirana: mwana wanu sangamutenge podyera mbale imodzi kapena posewera ndi mnzake.

KATEMERA SAYAMBITSA OTIZIMU

Mwina munamva mphekesera yakuti katemera wa chikuku ndiye amaononga ubongo wa ana. Mphekeserayi inachokera ku England m'chaka cha 1998, pamene dokotala wina, Andrew Wakefield, analemba zimenezi ataona ana 12 okha. Zitafufuzidwa, zinapezeka kuti nzabodza. M'chaka cha 2010 magazini ya madokotala ya The Lancet inachotsa nkhaniyo, ndipo mwini wakeyo analetsedwa kugwira ntchito ya udokotala. M'chaka cha 2019 akatswiri a ku Denmark analengeza zimene anapeza atatsatira ana oposa 650,000: ana obayitsa katemera sanapezeke ndi otizimu koposa ana osabayitsa.

Chimene chimasokoneza anthu nchakuti zizindikiro zimaonekera pa msinkhu womwewo umene mwana amalandira katemera wa chikuku, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Zinthu ziwirizi zimangokumana nthawi. Chikuku chimapha ndipo chimachititsa khungu. Malizitsani katemera yense.

KODI MUPITE KUTI?

Yambani pa chipatala chimene mumapitako ku sikelo, kaya ndi cha Limbe, cha Bangwe kapena china chapafupi. Tengani kabuku ka mwana, ndipo fotokozani zonse mosabisa: pamene anayamba kukhala, kukwawa, kuyenda ndi kuyankhula, ndiponso ngati anadwalapo malungo aakulu kapena kukomoka. Ngati nkotheka atate abwere nawo, kuti adzimvere okha.

Kukafunika kutero, adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chija timachitcha cha Gulupu, kumene kuli madokotala a ana. Pemphani kuti mwana ayezedwe makutu, pakuti mwana wosamva nayenso satembenuka poitanidwa ndipo amachedwa kuyankhula. Otizimu sapezeka poyeza magazi. Dokotala amamudziwa poonerera mwana akusewera ndi pomva zimene inu mukufotokoza. Motero mawu anu, amayi, ndiwo muyeso waukulu.

Dziwani kuti palibe mapiritsi, jekeseni kapena mankhwala azitsamba ochotsa otizimu. Wina akakulonjezani kuti amuchiza mwana mukamulipira, sungani ndalama zanuzo mugulire mwanayo chakudya. Musalole kuti amutemere mphini, amudule pansi pa lilime kapena amusalitse chakudya. Koma mavuto ena amene amadza pamodzi ndi otizimu, monga khunyu, kusagona tulo ndi kudzimbidwa, ali ndi chithandizo ku chipatala.

MMENE MUNGAMUTHANDIZIRE PAKHOMO

Mphunzitsi woyamba wa mwana ndinu, ndipo zipangizo zake muli nazo kale m'nyumba.

1. Khalani pansi moyang'anana naye, ndipo lowani m'masewera amene iye akuchita. Ngati akundandalika zitsekerero, mupatseni chimodzichimodzi, mukudikira kuti akuyang'aneni kapena atambasule dzanja.
2. Yankhulani mawu aafupi, mukumuonetsa chinthu chenichenicho: "kapu", "sopo", "nsapato". Mukanena, dikirani pang'ono kuti ayankhe.
3. Landirani njira iliyonse imene akuyankhulira, kaya ndi kuloza, kukukokani dzanja kapena kukuonetsani chithunzi. Zizindikiro siziletsa mwana kudzayankhula.
4. Kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zizichitika pa nthawi yomweyo ndi mwa ndondomeko yomweyo tsiku ndi tsiku. Kukakhala ulendo kapena alendo, muuzeni zisanachitike.
5. Phunzitsani ntchito imodzi m'zigawo zing'onozing'ono. Posamba m'manja: kunyowetsa, kupaka sopo, kutikita, kutsukuluza. Akakhoza chigawo chimodzi, muyamikireni pomwepo.
6. Chakudya chatsopano chiikeni pang'ono pambali pa chimene amakonda, kambirimbiri, osamukakamiza. Phala lake muzithira nsinjiro, ndipo pitirizani kumuyezetsa ku sikelo kuti asanyentchere.
7. Akayamba kukuwa kapena kudzigwetsa, funani chimene chamuvuta: phokoso, njala, kutopa, dzino kapena khutu lopweteka. Mutengereni pamalo a phee, ndipo chepetsani mawu. Kumenya kumangoonjezera mantha.

Pa msika wa Limbe ndi pa depoti ya maminibasi pamakhala phokoso ndi khamu la anthu, zimene zimamuzunguza mutu mwana wotere. Ngati nkotheka, pitani naye pa nthawi imene anthu achepa, ndipo musakhalitse.

TETEZANI MWANA KU NGOZI

Ana ambiri a otizimu amachoka pakhomo mwakachetechete, saopa galimoto, ndipo amakonda madzi. Kuno kwathu kuli misewu ikuluikulu yopita ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Mulanje, kuli njanji, kuli damu la Chiwembe, ndiponso mitsinje imene imadzaza nthawi ya dzinja. Vundikirani zitsime ndi migolo ya madzi. Ikani mbaula, parafini ndi mankhwala a makoswe patali. Sokererani dzina lake ndi nambala ya foni yanu pa malaya ake, ndipo dziwitsani anansi anu kuti akamuona ali yekha abwere naye. Kumumanga chingwe kapena kumutsekera m'nyumba yekha si chitetezo ai, ndi nkhanza. Moto utabuka sangathe kuthawa.

Mwana wosayankhula sangaulule wina akamuchita zachipongwe. Musamusiye ndi munthu amene simukumudziwa bwino. Mukaona mabala kapena mantha achilendo, pitani naye ku chipatala msanga, ndipo kanenani ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

MAWU KWA ANANSI NDI ACHIBALE

Chimene chimapweteka mabanja ambiri koposa vuto lenilenilo ndi pakamwa pa anthu. Mwana amatchedwa chitsiru, wamisala kapena ndondocha. M'minibasi anthu amadzudzula amayi ake kuti salanga mwana. Ku tchalitchi ndi ku mzikiti ena amasuntha pamene wakhala. Amayi ena amathawidwa ndi amuna awo, ena amaimbidwa mlandu ndi apongozi. Mapeto ake mwana amabisidwa kuchipinda, osapitanso ku sikelo kapena kusukulu, ndipo amataya zaka zimene akadaphunzira zambiri.

Malamulo a dziko lino ali ku mbali ya mwanayo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kusala munthu kaamba ka ulumali. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limateteza mwana aliyense ku nkhanza ndi kutayiriridwa. Lamulo la 2024 la anthu aulumali, limene linalowa m'malo mwa la 2012, linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA, kuti liziyang'anira ufulu wawo. Ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Inu amayi amene ana anu alibe vutoli, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muitaneni ndi dzina lake. Lolani ana anu asewere naye, ndipo aletseni kumuseka. Pa mzere wa sikelo, akayamba kuvutika, mulekeni atsogole. Tsiku lina mukhalireni mwanayo ola limodzi kuti amayi ake apite ku chigayo kapena apumuleko. Mutu umodzi susenza denga.

SUKULU NDI TSOGOLO

Mwana wa otizimu ali ndi ufulu wophunzira monga mnzake aliyense. Muyambitseni sukulu ya mkombaphala, ndipo akafika zaka 6 kamulembetseni ku pulayimale. Fotokozerani aphunzitsi aakulu zimene amakonda ndi zimene zimamuopsa, ndipo funsani sukulu yapafupi imene ili ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Funsaninso za bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, kuti mukumane ndi anzanu amene akuyenda njira yomweyi.

Otizimu satha munthu akakula, koma munthuyo amaphunzirabe moyo wake wonse. Mayi wina wa ku America, Temple Grandin, sanayankhule kufikira atapitirira zaka zitatu, koma anadzakhala mphunzitsi wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State. Si onse adzafika pamenepo ai. Wina kupambana kwake kudzakhala kudzisambitsa yekha, wina kusoka, kulima kapena kupala matabwa. Kupambana konseko nkoyenera kukondwerera. Chaka chilichonse pa 2 April maiko amakumbukira anthu a otizimu, monga anagwirizanirana ku bungwe la United Nations m'chaka cha 2007.

KUMBUKIRANI IZI

1. Ku sikelo nenani za kuyankhula ndi kusewera kwa mwana, osati kulemera kokha.
2. Otizimu si ufiti, si tchimo la makolo, ndipo sapatsirana.
3. Malizitsani katemera yense.
4. Musamumenye, musamumange, musamubise.
5. Mukaona zizindikiro, musadikire mwezi wamawa. Bwerani naye lero, ndipo tengani kabuku kake.