Mmene Pulogalamu Yogulira Magetsi Imayesedwera

Munthu wokhala ku Chimadzi, mumzinda wa Tete, akafuna kugula magetsi a Credelec pa foni, amatha kuimba *150#, kulowa mu M-Pesa, kulemba nambala ya mita ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo posakhalitsa amalandira uthenga wa manambala 20 oti awalowetse m'mita. Zonsezi zimayendetsedwa ndi pulogalamu, kutanthauza malangizo olembedwa ndi anthu ouza kompyuta choyenera kuchita. Popeza olembawo ndi anthu, amalakwitsa, ndipo cholakwika chotere akatswiri amachitcha bug. Kuyesa pulogalamu ndi ntchito yosakasaka zolakwikazo mwadala, zisanamufike wogula.

Kuyesa kumayambira pa tizigawo ting'onoting'ono, monga kachigawo kamene kamawerengera mayunitsi oyenerana ndi ndalama zimene zaperekedwa, ndipo kuyesa kachigawo pakokha kumatchedwa unit test. Kenaka zigawozo zimayesedwa zitalumikizidwa, chifukwa kompyuta ya kampani ya mafoni iyenera kumvana ndi ya kampani ya magetsi ya Electricidade de Moçambique, ndipo pamalumikizidwe pamenepa mpamene pamabisala vuto lopweteka kwambiri, loti ndalama zadulidwa koma manambala sanafike. Woyesa waluso sakhutira poona kuti zinthu zikuyenda pamene zonse zili bwino. Amadula netiweki pakati pa malonda kuti aone ngati ndalamazo zibwerera kwa mwini wake, amasiya nambala imodzi ya mita, amadina kawiri batani lotumizira monga amachitira munthu amene mtima uli m'mwamba chifukwa nyumba yada ndipo nsomba zili mufiriji. Ntchito imeneyi imafuna munthu wodziwa mmene anthu wamba amagwiritsira foni yamabatani, osati wongodziwa kompyuta ya muofesi.

Zolakwika zambiri zimakhala kumalire, kumene nambala imafika pomaliza pa zimene pulogalamu ingathe kusunga. Mamita olipiriratu a mtundu wa STS, omwe ndi ofala kuno kummwera kwa Africa, amazindikira manambala ogulidwa poona chizindikiro cha nthawi chimene poyamba chinkawerenga mphindi kuchokera pa 1 Januwale 1993, ndipo chizindikirocho nchimene chimaletsa kuti manambala amodzimodzi agwire ntchito kawiri. Malo osungira chiwerengerocho amakwana mphindi 16,777,216 zokha, zomwe zinatha pa 24 Novembala 2024. Chifukwa malirewo anadziwika kudakali nthawi, makampani a magetsi m'maiko ambiri anapatsa ogula manambala apadera osinthira mamita awo tsikulo lisanafike. Mita yosasinthidwa ikanakana manambala atsopano ngakhale munthu atalipira. Kumene malire otere sanayesedwe mokwanira zinthu zinaipa: pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka, chifukwa nambala ina inakula kuposa malo amene pulogalamu inaikonzera.

Popeza munthu sangabwereze mayeso zikwizikwi ndi manja, pali mapulogalamu oyesera mapulogalamu anzawo. JUnit imayesa tizigawo, Selenium imadina yokha mabatani a pa intaneti ngati munthu, pamene JMeter imatumiza mapempho ochuluka nthawi imodzi, kutsanzira kumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira malipiro ndipo aliyense akugula magetsi. Pulogalamu ikasinthidwa pang'ono pokha, mayeso onse akale amabwerezedwa, chifukwa kukonza mbali imodzi kumatha kuwononga ina, ndipo kubwereza kumeneku kumatchedwa regression test.

Wogula nayenso ali ndi gawo lake pa ntchitoyi. Malonda akalephereka, uthenga umene wafika pa foni suyenera kufufutidwa, chifukwa nambala ya malonda, tsiku ndi ola zimene zalembedwamo ndi zimene zimathandiza akatswiri kutsata pamene ndalama zinaima, kubwereza vutolo pa makina awo ndi kulikonza.