Dzitetezeni ku Madzi Osefukira ndi Namondwe

Kuno ku Britain, mvula yamphamvu imadzaza misewu m'kanthawi kochepa. Bungwe la Met Office likapereka chenjezo lofiira, ndiye kuti miyoyo ili pachiswe. Musachoke panyumba popanda chifukwa chachikulu.

Musawoloke madzi osefukira, ngakhale aoneke osaya. Madzi othamanga ozama masentimita 15 angathe kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ozama masentimita 30 angathe kukokolola galimoto. Pansi pake pamabisala maenje a ngalande omwe zivundikiro zake zachoka. Madziwa amasakanikiranso ndi zonyansa za m'zimbudzi, choncho ana asaseweremo. Mukawakhudza, sambani m'manja ndi sopo.

Namondwe akawomba, talikirani gombe, ndipo musapite kukajambula mafunde. Munthu akatengedwa ndi nyanja, musamutsatire. Imbani 999, mupemphe Coastguard.