Gorodi sakwera dzuwa litapendeka

Mlendo akagona pa Chilumba amaona ngati zonse zili m'khonde. Kumpoto kuli Karonga, kumwera kuli Chitimba, pamwamba pa phiri, pa Khondowe, pali Livingstonia, komwe amakwerako pa msewu wa Gorodi, ndipo nyanja ili pomwepa, pamodzi ndi doko lomwe sitima ya Ilala imatembenukira pobwerera kumwera. Kuyandikana kumeneku n'komwe kumapusitsa anthu, mpaka kuiwala kuti kuno ulendo wopita n'kubwerako tsiku lomwelo sauyesa ndi makilomita, amauyesa ndi dzuwa.

M'mwezi wina wa Julaye kunabwera anthu anayi ochokera ku Lilongwe, anyamata awiri ndi atsikana awiri ogwira ntchito pamodzi. Msonkhano wawo unatha Lachisanu, ndipo Loweruka linali lawo. Lachisanu madzulo anakhala pansi ndi mkulu wina woyang'anira nyumba yomwe ankagonamo, munthu amene unyamata wake wonse anauthera pa bwato, n'kumuyalira ndondomeko yawo: m'mawa ku Karonga, masana ku Livingstonia ndi ku mathithi a Manchewe, madzulo kukwera bwato kukaonera panyanja dzuwa likulowa.

Mkuluyo anamvetsera mpaka atamaliza.

"Ana anga, amenewo ndi masiku atatu, inu mwawamanga mtolo umodzi. Sankhanipo chimodzi. Ngati ndi ku Khondowe, tambala wachiwiri akupezeni muli m'njira. Za bwato ndiye ziiwaleni, mwezi uno ndi wa mwera."

"Adada, tili ndi galimoto yathu," anatero mnyamata woyendetsa. "Tizingothamanga."

"Galimoto mulidi nayo. Koma Gorodi sathamanga."

Za bwato anamvera, chifukwa m'mawa mwake anadzionera okha mafunde akumenya pagombe. Anthu akuno sakangana ndi mwera. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kufa, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo, osati bwato losema. Koma zotsalazo anakakamira.

Ananyamuka atamwa tiyi, dzuwa litakwera kale. Ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo m'njira monse muli zoimitsa munthu: minda ya mpunga, nsomba zoyanikidwa pa thandala ku Ngara, ng'ombe zodutsa pamsewu mosatekeseka. Atafika analowa m'nyumba yosungira zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004. Anaima nthawi yaitali pansi pa chimango cha Malawisaurus, chinyama chamakedzana chomwe mafupa ake anafukulidwa m'boma lomweli. Anamvanso za chibwano cha munthu wakale kwambiri chomwe chinapezeka mu 1991 ku Uraha, pafupi ndi Chilumba pomwe anagona, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Palibe amene angawadzudzule pochedwa m'menemo. Malo amenewo ngoyenera kuchedwamo. Potuluka anadya mpunga wa kilombero ndi nsomba, ndipo pomwe amadutsanso pa Uliwa kulowera kumwera, nthawi inali itapitirira 2 koloko.

Pa Chitimba ndi pomwe msewu wa Gorodi umapatukira kuchoka pa M1. Ndi makilomita 15 okha, koma umakwera mamita pafupifupi 900 kuchokera m'mphepete mwa nyanja, ndipo uli ndi makona okhota kwambiri 20. Ndi wafumbi ndi miyala yogubuduka, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho. Galimoto yawo inali yaing'ono, yapansi. Isanapite patali inayamba kukhula mimba pa miyala, matayala akutsogolo akungozungulira pamalo amodzi. Anaibweza chafutambuyo mpaka pamphambano n'kuisiya m'manja mwa mwini golosale.

Pamenepo ndi pomwe akanabwerera. Wakabaza wina wachikulireko anawauza poyera:

"Asisi, kukwera tikukwezani. Koma potsika kudzakhala kutada. Mukagone komweko, mutsike mawa."

Iwo anali atalipira kale malo ogona ku Chilumba, ndipo sanafune kulipira kawiri. Kuti achepetsenso mtengo anakwera awiriawiri pa njinga ziwiri za anyamata ena omwe sanafunse zambiri. Chipewa choteteza mutu chinali ndi woyendetsa yekha.

Anafika pamwamba kukuzizira, iwo atavala zam'mphepete mwa nyanja. Livingstonia, yomwe Dr Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe mu 1894, anangoidutsa ngati ali pa basi. Tchalitchi anachionera panja. Ku Stone House, nyumba yamiyala yomwe Laws ankakhalamo ndipo pano imasunga zinthu zakale za mishoni, anapeza atatseka. Ku Manchewe, komwe madzi amagwa mamita oposa 100, anafikako chigwa chonse chitadzaza mthunzi. Anajambula zithunzi zingapo zosaoneka bwino, kulipira ana omwe anawalondolera njira, n'kuyamba kutsika.

Mapiri amenewa ali kumadzulo kwa nyanja, choncho mbali yomwe Gorodi amatsikira imada msanga kuposa momwe wotchi ikunenera. Atangotsika makona ochepa kunali kutada bii. Nyali ya njinga imaunika kutsogolo kokha, pomwe kona imafuna uone m'mbali. Njinga yachiwiri, yolemedwa ndi anthu atatu, itafika pa kona ina woyendetsa anagwira buleki, tayala lakumbuyo n'kuterera pa timiyala. Inagwera mbali ya khoma la phiri. Ikanagwera mbali inayo, nkhaniyi ikanakhala ya maliro.

Mtsikana yemwe anakhala kumbuyo kwenikweni ndiye anapsinjidwa mwendo. Foni ziwiri zinali zitazima chifukwa chojambula tsiku lonse, zinazo netiweki imabwera n'kuthawa. Anakhala m'mbali mwa msewu, mumdima ndi mphepo yozizira, atamufunditsa jekete la wakabaza, mpaka inatulukira galimoto yonyamula katundu yomwe imakwera phiri. Anthu ake anasuntha matumba, kumugoneka pamwamba, n'kupita naye ku chipatala cha pamishoni. Fupa linali litathyoka. Anabwerera ku Lilongwe ali ndi chikhakha, ndipo ndalama yogonera yomwe ankaiumira ija inatuluka kangapo: ya chipatala, ya galimoto yowatsitsa, ya mlonda wa galimoto yawo. Wakabaza wa njinga yomwe inagwa ija, yomwe inali yobwereka, anatsala ndi ngongole kwa mwini wake.

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anthu anayiwa sanali oledzera kapena amwano. Anali anthu abwinobwino ofuna kuona dziko lawo, chinthu chomwe ndimalakalaka Amalawi ambiri atamachita. Chomwe chinawagwetsa n'kufuna kuona zonse tsiku limodzi, ndiponso kukhulupirira mapu a pafoni kuposa anthu awiri omwe anawachenjeza, woyamba pakhonde, wachiwiri pamphambano.

Mukabwera ku Chilumba, lipatseni tsiku lililonse ulendo wake. Karonga ndi tsiku lathunthu: mukaone mafupa aja, mumve za Mlozi, wogulitsa akapolo amene anagonjetsedwa mu 1895, ndi za nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani yomwe inamenyedwa pomwepo mu Seputembala 1914, mudye mosathamanga, mubwerere kukuwala. Livingstonia ndi tsiku lina. Mufike pa Chitimba m'mamawa, mukwere pa galimoto yamphamvu yozolowera msewuwo, ndipo ngati ndi kabaza, munthu mmodzi njinga imodzi, chipewa kumutu. Mutenge juzi, madzi akumwa ndi ndalama yapadera yoti mutha kugonera komweko. Muyambe kutsika dzuwa lisanapendeke kwambiri. Mukachedwa, gonani, mawa kulinso tsiku. Nyengo ya mvula funsani kaye ngati msewuwo ukupitika. Za panyanja, amene ali ndi mawu omaliza ndi msodzi, ndipo akati lero ayi, musamunyengerere ndi ndalama.

Manchewe sadzauma chifukwa choti simunamuone Loweruka lino. Chomwe mwalephera kuona ulendo uno chikhale chifukwa chobwereranso, muli ndi miyendo yanu iwiri yamphumphu.