Malangizo: Kodi Mawuwa Anawanena Ndani?

Lero tikambe za zithunzi zimene zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook: nkhope ya munthu wotchuka, m'munsi mwake mawu okoma akuti ndi ake.

Nthawi zambiri amangomunamizira. Mwachitsanzo, pali mawu ena onena za mantha amene munthu amakhala nawo pa mphamvu zake zomwe. Ambiri amati Nelson Mandela anawalankhula polumbira kukhala mtsogoleri mu 1994. Mukawerenga zimene ananena tsikulo, simuwapeza. Mwini wake ndi mayi wa ku America, Marianne Williamson, m'buku lake la mu 1992.

Ndiye musanatumize, chitani izi. Choyamba, dzifunseni kuti anawanena liti, kuti, ndipo pamaso pa ndani. Mawu opanda tsiku ndi malo akayikireni. Chachiwiri, akopereni pa Google monga momwe alembedwera, muyang'ane pamene anayamba kuonekera kalekale. Chachitatu, pitani ku gwero. Ngati akuti ndi a Kenneth Kaunda, onani m'mabuku awo monga Zambia Shall Be Free la mu 1962, kapena nyuzipepala zakale ku National Archives. Onaninso kwa iVerify Zambia ndi Africa Check, amene ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani.

Ngakhale uthengawo watumizidwa ndi amalume kapena abusa, afunseni mwaulemu kumene anautenga. Kuika mawu m'kamwa mwa malemu ndi kuwalakwira, chifukwa sangadziyankhire.