Mwana Akadwala, Uthenga Usatayike Panjira

Amayi, mwana wodwala amadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amamtumiza ku chipatala chaching'ono monga cha Thambani, Kunenekude kapena Tulonkhondo. Matenda akakula amapita naye ku chipatala cha boma cha Mwanza, mwinanso mpaka ku Gulupu, ku Blantyre. Ngakhale m'wodi momwemo, namwino wa usana amasiyira ntchito mnzake wa usiku, ndipo iyeyo ndiye amafotokozera dokotala.

Polandirana mwana chotere, mau ena ofunika akhoza kuiwalika. Mwana angathe kumwa mankhwala amodzimodzi kawiri, kapena kudumphitsa nthawi ya jekeseni wa malungo.

Pofuna kupewa ngozi imeneyi, m'chaka cha 2007 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti anamwino ndi madokotala azitsata ndondomeko imodzi popatsirana wodwala. Ndondomeko ina yodziwika imatchedwa SBAR, ndipo ili ndi mafunso anai:

1. Kodi chikumvuta nchiyani tsopano lino?
2. Kodi matendawa anayamba liti, ndipo walandirapo chithandizo chanji?
3. Kodi womuyeza wapeza chiyani?
4. Kodi chofunika kuchita nchiyani, ndipo nthawi yanji?

Mafunso amenewa ndi anunso. Anamwino amasinthana, koma inu simuchoka pambali pa mwana. Choncho zolowerani kufotokoza motsatana, mwachitsanzo: "Mwanayu akutentha thupi ndipo sakuyamwa. Anayamba dzana. Dzulo analandira LA ndi panado, koma anasanza. Atamuyeza magazi anapeza malungo. Atitumiza kuno kuti agonekedwe."

Chitani izi:

Tengani kabuku ka kuchipatala ndi kalata yomwe akutumizani nayo. Musanachoke, onetsetsani kuti alembamo mankhwala amene mwana walandira ndi nthawi yake.

Musabise mankhwala ogula ku golosale kapena achikuda. Dokotala sangathandize bwino pa chimene sakuchidziwa.

Mwana akakomoka, akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akalefuka kwambiri kapena kubanika, nenani msanga. Musayembekezere pamzere, ndipo musaganize kuti namwino amene wangolowa kumene akudziwa kale.

Ngati simunamvetse, funsani mwaulemu kuti abwereze. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kumbukirani: kabuku kolembedwa bwino ndi mau omveka a mayi zimathandiza kuti chithandizo cha mwana chisadukize.