Tsamba la intaneti la bizinesi yanu: yambirani pa foni

Anthu ambiri amene adzatsegule tsamba lanu adzakhala ali pa foni, mwina m'minibasi, bandulo itatsala pang'ono kutha. Pokonza tsambalo muziganizira munthu ameneyu.

Musanayatse kompyuta, tengani pepala ndi pensulo. Jambulani kabokosi kooneka ngati foni, mulembemo zinthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati muli ndi malo ogona alendo ku Mangochi, pamwamba pakhale dzina, mtengo wa chipinda usiku umodzi, ndi batani la WhatsApp. Mbiri ya mmene munayambira ipite m'munsi. Ndikudziwa kuti ndi imene ili pamtima panu, koma mlendo wabwera kudzafunsa mtengo.

Kenako sanjani zonse mumzere umodzi wotsika, chinthu pansi pa chinzake. Mafoni ambiri ali ndi m'lifupi mwa ma pixel 360 kapena kupitirirako pang'ono, choncho zinthu zoikidwa pambalipambali zimapanikizana. Ngati mukugwiritsa ntchito WordPress, sankhani theme imene imadzisintha yokha molingana ndi kukula kwa sikirini.

Pa zithunzi m'pamene ambiri amalakwitsa. Chithunzi chongochoka pa kamera ya foni chimalemera ma MB angapo. Mukaika khumi zotere patsamba loyamba, mwamudyera munthu bandulo asanaone n'komwe nambala yanu, ndipo sadzabweranso. Chepetsani chilichonse kuti m'lifupi chisapitirire ma pixel 1200, muchisunge ngati WebP, ndipo yesetsani kuti chisapose 200 KB. Pulogalamu ya Squoosh imachita zimenezi kwaulere. Vidiyo yongoyamba yokha komanso zithunzi zomasinthanasinthana pamwamba pa tsamba, zisiyeni. Chithunzi chimodzi chooneka bwino cha chipinda, bedi loyalidwa ndi neti yake, n'chokwanira. Chithunzi chilichonse muchilembere mawu ofotokoza pamalo a alt text, kuti amene ali ndi vuto la maso amve kuti pali chiyani.

Zilembo zisachepere ma pixel 16, ndipo zikhale zakuda pamalo oyera, poti ena amawerengera padzuwa. Onaninso ngati font yanu ili ndi chilembo cha ŵ, chifukwa ina imangoonetsa kabokosi pakati pa dzina la Malaŵi. Mabatani akule moti chala chachikulu chisaphonye. Nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba muzilembe ngati mawu, osati mkati mwa chithunzi, kuti wolipira athe kukopera.

Mukamaliza, zimitsani Wi-Fi, mutsegule tsambalo pa foni yotchipa. Liyeseninso pa PageSpeed Insights ya Google, imene imatchula zomwe zikuchedwetsa tsamba. Kenako patsani foniyo azakhali kapena mnansi, muwapemphe kuti apeze mtengo ndi kukutumizirani uthenga. Inu khalani chete, musawalozere. Pamene chala chawo chaima kapena chasochera, pamenepo m'pofunika kukonza musanalengeze tsambalo.